Tiyi wa alendo

Kwathu ndi ku Thyolo, kumene ukadzuka m'mawa n'kumwaza maso umangoona tiyi yekhayekha, kubiriwira mpaka kukagunda phiri. Bambo anga adagwira ntchito pa esiteti moyo wawo wonse, ndipo amayi adathyolako masamba, dengu lili kumsana, ine ndisanabadwe. Koma kuyambira ndili ndi zaka 14 mpaka nditakwanitsa 33, tiyi sadadutse pakhosi panga ngakhale dontho. Amene adandiletsa si adokotala ayi. Udali mpingo.

Bambo adatisiya m'chaka cha njala chija, 2002. Nyumba idali ya pantchito, choncho maliro atangotha tidalongedza n'kukakhala ku Bangwe, mumzinda wa Blantyre, komwe amayi adayamba kukazinga mandasi. Chaka chotsatira pakhomo pathu padafika anyamata awiri ovala malaya oyera ndi mataye, timabaji takuda tili pachifuwa. Adati achokera ku Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, umene anthu ambiri amangouti wa a Mormon. Adatifotokozera za Joseph Smith, mnyamata wa ku America amene adati adaona Mulungu ndi Yesu m'nkhalango, n'kudzayambitsa mpingowo m'chaka cha 1830. Amayi ankangomvera mwaulemu uku akutembenuza mandasi m'chiwaya. Koma mmodzi wa anyamatawo atanena kuti ukwati sutha ndi imfa, kuti kuli nyumba yopatulika yotchedwa kachisi momwe mkazi angamangidwe kwa mwamuna wake ngakhale mwamunayo ali kumanda, ana n'kumangidwanso kwa makolo awo mpaka muyaya, amayi adaika supuni pansi. Mandasi a tsiku limenelo adapserera.

Ndayamba ndi zimenezi dala. Anthu ena amaganiza kuti wolowa mpingo wochokera kunja amatsata makobili a azungu. Amayi anga adatsata mwamuna wawo.

Tidabatizidwa atatu: amayi, ine ndi mlongo wanga. Mpingowu umaletsa mowa, fodya, khofi ndi tiyi, choncho paketi imene idali m'kabati amayi adakapatsa aneba. M'mawa tinkamwa madzi otentha ofinyiramo ndimu, kapena thobwa likakhalapo. Pa ndalama za mandasi, amayi ankapatula chakhumi asanagule ngakhale mchere. Anthu a m'dera lathu ankatinong'ona kuti talowa za satana, mwakuti ena adasiya kugula mandasi athu. Ife tinkangoti amenewa ndiye mazunzo a oyera mtima.

Ndingakhale wabodza nditanena kuti zaka zimenezo zidali zowawa. Mumpingomo ndimo ndidaphunzira kuima pamaso pa anthu n'kuyankhula osanjenjemera. Mudalibe abusa olipidwa. Wodalitsa mgonero, wophunzitsa, wosesa, tidali ife tomwe. Mwana wamasiye wa ku Bangwe ndidapatsidwa unsembe, akuluakulu n'kumanditchula kuti m'bale. Amayi atagonekedwa m'chipatala, azimayi a mumpingo ankasinthana kuwadikirira ndi kutiphikira. Zimenezi palibe angandilande, ndipo ine sindifuna kuzifufuta.

Nditatsala pang'ono kupita ku umishonale, tidakwera basi ndi gulu la abale kupita ku kachisi wa ku Johannesburg, amene adatsegulidwa m'chaka cha 1985, woyamba mu Africa muno. Tidadzera pa Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, n'kukachezera pamzere pa Beitbridge miyendo itatupa. M'kachisimo muli chipinda chokhala ndi guwa pakati, ndi magalasi awiri oyang'anizana, moti ukadziyang'ana umadziona ukupitirirabe osafika pothera. Tidagwada titavala zoyera. M'bale wina wachikulire adaimira malemu bambo anga. Tidagwirana manja paguwapo, mawu adanenedwa, ndipo amayi adalira kulira kumene sadalire ngakhale kumanda. Potuluka adandigwira dzanja n'kuti, "Basi mwananga, tsopano olo ndife mawa."

Umishonale wa zaka ziwiri ndidakachitira ku Zimbabwe. Tsiku lina ku Mbare, mu Harare, tidagogoda pakhomo pa gogo wina amene atangoona dzina la pabaji yanga adasiya Chishona n'kuyamba Chichewa. Adali mchona, adachoka ku Dedza ali mnyamata osabwereranso. Adatiyalira mkeka, adatimvera, kenako adandiyang'ana ine, osati mnzanga wachizungu uja.

"Mwana wa kwathu, ine ndinamva kuti mpingo wanuwu kale unkatikana ife akuda. N'zoona?"

Ndidayankha momwe ndidamvera ena akuyankhira: kuti inde padali nthawi imene akuda sankalandira unsembe, kuti chifukwa chake akudziwa ndi Mulungu yekha, ndipo kuti zonsezo zidatha mu 1978. Gogoyo adaseka pang'ono.

"Akudziwa ndi Mulungu, kapena anthu amene ankakanawo?"

Tidatsanzika. Panjira ndidauza mnzanga kuti mdala uja ngouma mtima. Koma funso lake lidalowa nane m'basi pobwerera kumudzi, n'kukhala phee zaka pafupifupi khumi.

Nditabwerako ndidakwatira mtsikana wa mumpingo momwemo, Mulungu n'kutidalitsa ndi ana awiri. Ndidapatsidwa udindo wophunzitsa akuluakulu Lamulungu. Usiku wina ndikukonzekera phunziro pafoni, ndidapeza nkhani imene mpingo udatulutsa wokha mu December 2013, yokamba za mtundu wa anthu ndi unsembe. Chonde mvetsani apa: sindidaipeze kwa adani a mpingo. Idali patsamba la mpingo lenileni.

Nkhaniyo idati m'masiku a Joseph Smith akuda angapo adalandira unsembe, mmodzi mwa iwo Elijah Abel. Idati amene adalengeza za chiletso ndi Brigham Young, mtsogoleri wachiwiri wa mpingo, m'chaka cha 1852, nthawi imene ku America kudali ukapolo ndi tsankho la khungu. Chiletsocho sichidali cha unsembe wokha: amuna ndi akazi akuda sankaloledwa miyambo ya m'kachisi, kuphatikizapo uja womanga banja. Chidakhala zaka 126, mpaka Spencer W. Kimball adachichotsa mu June 1978. Ndipo m'zaka zonsezo atsogoleri ankapereka zifukwa: ena ankati khungu lakuda ndi temberero la Kaini, ena ankati mizimu ya akuda idali yofooka isanabadwe. Nkhani ija idati lero mpingo ukuzikana ziphunzitso zimenezo.

Ndidazimitsa foni n'kukhala mumdima. Ndidawerengera zaka. Mu 1977 bambo anga adali mnyamata wamphamvu zake ku Thyolo. Akadagogoda pakhomo pa kachisi chaka chimenecho, akadabwezedwa. Guwa lija amayi adaliriralo likadakhala lotsekedwa kwa iwo, chifukwa cha khungu lomwe ndavalali. Ndipo gogo wa ku Mbare uja, amene ndidamutcha wouma mtima, adafunsa funso loyenera kwa mnyamata amene sankadziwa mbiri ya mpingo wake womwe.

Ukasolola ulusi umodzi, juzi yonse imayamba kumasuka. Ndidawerenga nkhani ina ya mpingo, ya mu 2014, yovomereza kuti Joseph Smith adali ndi akazi pakati pa 30 ndi 40, ena adali kale pabanja ndi amuna ena, ndipo mmodzi, Helen Mar Kimball, adali ndi zaka 14. Ine ndinkadziwa kuti mitala idaliko kale n'kuletsedwa mu 1890, koma ndinkaiika pa Brigham Young. Ndidawerenganso kuti pomasulira Buku la Mormon, nthawi zambiri Smith ankaika kamwala m'chipewa n'kulowetsamo nkhope, pamene zithunzi zimene ine ndinkaonetsa anthu zinkamuonetsa atakhala patebulo akuwerenga mbale zagolide. Pambuyo pake, mu February 2023, padamvekanso kuti bungwe loyang'anira malonda a masheya ku America lalipiritsa mpingo ndi kampani yake yosunga chuma madola 5 miliyoni chifukwa chobisa kukula kwa chumacho kudzera m'timakampani ta dzina lokha. Nditamva, ndidakumbukira timakwacha ta mandasi tija tonona mafuta, tikulowa mu envulopu ya chakhumi.

Izi ndizo zimene ambiri otuluka mumpingowu amadandaula, kaya ali ku Utah kaya ku Lilongwe. Sikwenikweni kuti anthu akale adalakwa, pakuti ndani salakwa? Chowawa n'chakuti munthu umalonjeza moyo wako wonse, zaka ziwiri za unyamata, chakhumi cha mwezi ndi mwezi, usanamve mbali imeneyi. Pa nkhani ya akuda amawonjezanso kuti kukana chiphunzitso n'kosiyana ndi kupepesa, ndipo kupepesako sikudamveke. Otsala mumpingo nawo ali ndi yankho lawo, ndipo ena mwa iwo ndi anthu ophunzira kundiposa. Amati zonsezi mpingo udaziika poyera wokha, kuti aneneri ndi anthu, kuti Mose adapha munthu ndipo Petro adakana Mbuye wake, koma ntchito ya Mulungu sidaime. Yankho limeneli ndidayesa kukhala nalo zaka ziwiri. Chidandikanika n'chimodzi: ngati mneneri angaphunzitse tsankho m'dzina la Mulungu, omutsatira n'kulisunga zaka zoposa zana, ine ndidziwa bwanji kuti zimene ndikuuzidwa lero sizidzakanidwa mawa? Ndiponso mlandu suli kutali kokha. Ine ndemwe ndidabatiza anthu ku Zimbabwe osawauza zimenezi, poti nanenso sindinkazidziwa.

Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse timasala kudya, ndipo aliyense wofuna amapita kutsogolo kukachitira umboni. Mawu ake amayamba ndi "ndikudziwa". Ndidawanena kuyambira ndili mnyamata osaganizira kawiri. Tsiku lina ndidaima paguwa, ndidayang'ana amayi pabenchi lachiwiri atamanga duku lawo loyera, ndipo liwu lija lidakanirira pakhosi. Ndidangothokoza Mulungu chifukwa cha banja langa n'kukhala pansi. Mayi a kunyumba adazindikira. Usiku adandifunsa, ndidawauza zonse. Adalira, kenako adafunsa ngati pali mkazi wina. Sindidawakwiyire. Tonse tidakula tikumva kuti munthu amatuluka mumpingo chifukwa cha tchimo, ulesi kapena kukhumudwa ndi m'bale. Zoti munthu angatuluke chifukwa chowerenga, pamndandandapo padalibe.

Kwa amayi ndidazengereza miyezi itatu. Nditapita ndidawapeza akusankha nyemba pakhonde. Ndidafotokoza mwadongosolo ngati phunziro la Lamulungu, zaka ndi maina zili m'malo mwake. Adandimvera mpaka kumapeto osaleka kusankha.

"Ukuganiza kuti ndikudabwa?" adatero. "Agogo ako analima thangata ku Thyolo, ndipo azungu ake Lamulungu lililonse anali kutchalitchi. Ndi mpingo uti wochokera kwawoko umene unalibe zimenezo? Ine sindinalowere Brigham Young."

Ndidati nkhani si imeneyo yokha. Adakankhira lichero pambali.

"Zonsezo ndamva, mwananga. Tsono undiuze chimodzi. Tinagwirana manja paguwa paja, iwe ulipo. Kumwambako bambo ako akadzandifunsa kuti mwana wamwamuna uja ali kuti, ndidzati chiyani?"

Ndidalibe yankho. Zaka zonse ndidaloweza zija, 1852, 1978, 2013, palibe chimene chikadathandiza. Malinga ndi chiphunzitso cha mpingo, madalitso a kumangidwa kuja amadalira kukhulupirika kwa munthu. Kwa amayi, ine sindidangosintha kopemphera. Ndidadula chingwe chimene adachipeza movutikira, atayenda masiku awiri pabasi. Adaferedwa kachiwiri, ndipo wowaferayo ndidali nditakhala pampando patsogolo pawo, wamoyo.

Palibe adandithamangitsa. Atsogoleri a panthambi pathu adabwera kunyumba kawiri, mwaulemu, n'kundipempherera. Koma moyo wanga wonse udali womangidwa pampingo: anzanga, ocheza nawo Loweruka, ondiuza za ganyu, onse adali abale. Foni idayamba kukhala duu. Tikakumana mu Limbe ankandipatsa moni wachifundo, wonga wopatsa munthu wodwala matenda osachiritsika. Achibale a mipingo ina nawo adakondwera mondinyansa. "Tinkanena ife kuti n'za satana!" Ndidapezeka ndikuikira kumbuyo mpingo umene ndautuluka, chifukwa bodza ndi bodza basi, ndipo amene ankawanenawo ndi amayi anga. Malume anga adafunsa funso limene Mmalawi aliyense wopanda mpingo amafunsidwa: "Nanga ukafa adzakuimbira ndani?" Ndidaseka, koma usiku tulo sitidabwere. Kuno kwathu mpingo ndiwo umakudikirira kuchipatala, ndiwo umagona pasiwa, ndiwo umanyamula bokosi. Kuusiya n'kuvula bulangete mwezi wa June.

Chidandipweteka koposa chidadza mwana wathu woyamba, wamkazi, atakwanitsa zaka 8, msinkhu wobatizidwa. Mumpingowu bambo amene ali ndi unsembe amabatiza yekha mwana wake, ndipo mwanayu adakula akudziwa kuti adzalowa m'madzi ndi ine. Mayi ake adafuna abatizidwe, mwanayo adafunanso. Ndikadatha kukaniza. Ndikadathanso kunamizira kukhulupirira kwa mwezi umodzi kuti ndivale zoyera. Zonse ziwiri ndidaziganizira, ndipo zonse zidandichititsa manyazi. Adamubatiza ndi malume ake, mlamu wanga. Ine ndidaima pambali nditagwira thaulo. Pambuyo pake amuna adamuzungulira n'kumusanjika manja pamutu, ine ndili pabenchi pakati pa azimayi ndi ana.

Pobwerera kunyumba adandigwira chala.

"Adadi, bwanji simunalowe m'madzi ndinu?"

"Nanga thaulo akanagwira ndani?"

Adaseka, koma adandiyang'anabe. Ndidamuuza kuti pali zinthu zina zimene adadi sakuzikhulupiriranso, kuti akadzakula ndidzamuonetsa zonse zimene ndidawerenga, amayi akenso adzamuuza zawo, ndipo iye adzasankha yekha. Ndi mayi ake tidapangana zomwezo: iwo sadzauza ana kuti bambo awo ndi wotayika, ine sindidzanyoza pemphero lawo. Panganoli timaliphwanya nthawi zina, n'kupepesana. Banja lilipobe.

Ndakumanapo ndi ena amene adatuluka, ndipo ndawerenga zolemba za ambiri a kunja. Mkwiyo wawo ndimaumva, poti nanenso udandigwira chaka chathunthu, moti ndinkafuna aliyense amve zimene ndapeza, afune asafune. Pa zaka ndi maina amanena zoona. Koma pamene ayamba kuseka otsalamo ngati anthu opusa, ine ndimabwerera m'mbuyo. Wopusayo ndiye ndani? Mayi wamasiye amene adauzidwa kuti adzamuonanso mwamuna wake? Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Kwa inu amene muli ndi m'bale wotuluka mumpingo uliwonse, pempho langa n'lakuti musayambe ndi kumufunsa tchimo limene wachita. Mwina nayenso akulira maliro, koma opanda womupepesa. Ndipo kwa inu otuluka anzanga, zimene mwapezazo sizithawa. Si zonse zoyenera kukhuthulidwa pa mphasa ya amayi anu tsiku limodzi.

Tiyi woyamba ndidamwa ndekha m'kantini ina ku Limbe, ndikuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba. Sadandikomere n'komwe. Kwa amayi nkhaniyi sindidaitchule, koma ana sasunga chinsinsi.

Mwezi wa June chaka chatha ndidapita ku Bangwe m'mawa kukawasiyira ufa. Kudali chiperoni, nkhungu ili thoo mpaka pakhomo. Chiyambire tsiku la nyemba lija tinkangoyankhulana zapamwamba: thanzi, mitengo ya zinthu, sukulu ya ana. Adandikhazika pampando n'kulowa kukhitchini. Potuluka adanyamula thireyi ya makapu awiri. Yawo idali ya madzi a ndimu monga mwa masiku onse. Yanga idali yakuda bii, ikufuka fungo limene ndidakulira.

Ndidawayang'ana.

"Ndinagula kapaketi ka alendo," adatero, maso ali kumbali. "Kaya ndathira bwino kaya. Muyeso wake ndinaiwala."

Liwu lakuti alendo lidandilasa. Kodi ndasanduka mlendo m'nyumba ya amayi anga? Koma ndidaganizanso za mayi wokalamba, wa chikhulupiriro chosagwedera, ataima pa okala kugula chinthu chimene adachisiya zaka zoposa 20 zapitazo, mwina akuyang'ana ngati pali wa mumpingo amene akumuona. Tiyiyo adali wowawa, masamba adachuluka, shuga adachepa. Ndidamwa yense.

"Dzina lako ndimalitchulabe usiku uliwonse," adatero potolera makapu. "Usaganize kuti ndasiya."

"Musasiye, amayi."

Adasuzumira m'kapu yanga, n'kuona masamba atatsalira pansi.

"Bambo ako ankakonda wakuda chonchi," adatero. "Ubwerenso Loweruka. Paketi ija ikadalipo."